Mmene mungapezere munthu wosamalira agogo pakhomo pawo

Mabanja ambiri lero ali ndi vuto lofanana. Ana ali ku Lilongwe, ku Blantyre, ena ku Joni kapena ku London, pomwe mayi kapena bambo atsala okha kumudzi mphamvu zikutha. Kale ankangotumiza mdzukulu kukagona kwa agogo, nkhani n'kutha. Lero mdzukuluyo ali pasukulu, ndipo n'koyenera kuti akhale pasukulu. Kuwatenga n'kubwera nawo m'tauni sikuthandiza aliyense. Ambiri amangokhala mumpanda tsiku lonse akufunsa za nkhuku ndi dimba lawo, mwezi usanathe ayamba kumanga katundu. Njira imene yatsala ndi kupeza munthu woti aziwathandiza ndi kucheza nawo pakhomo pawo pomwepo.

Malangizo onse otsatirawa atsamira pa mfundo imodzi: nyumbayo ndi ya agogo. Wothandizayo akubwera kudzagwira zimene manja awo sakuthanso, osati kudzawalamulira. Mukaiwala mfundo imeneyi, ngakhale mulipire ndalama zambiri bwanji, agogo adzamuthamangitsa munthuyo kapena adzangokhala chete n'kumawonda.

1. Yambani ndi eni ake nkhani

Musawatumizire munthu ngati mukutumiza thumba la ufa. Pitani nokha, khalani nawo pamphasa, muyambe ndi kufunsa. Mukanena kuti "Amayi, mwakalamba, simungathenso kukhala nokha," yankho mukulidziwa kale: "Ine ndakulerani nonsenu, lero ndilephere kudziphikira?" Koma mukafunsa kuti "Amayi, pa ntchito zonse za pakhomo pano, ndi iti imene ikukupwetekani msana?" adzakuuzani okha za mjigo umene uli kutali, za nkhuni, za mtondo. Yambirani pamenepo. Munthu wamkulu amavomera msanga wodzawatungira madzi kusiyana ndi wodzawayang'anira.

Afunseninso amene angamufune ndi amene sangamufune m'nyumba mwawo. M'mudzi muli mbiri zakale zimene inu a m'tauni simukuzidziwa, za malire a munda, za maliro amene wina sanabwere. Akakana munthu, musaumirire kuti afotokoze chifukwa.

2. Onani ndi maso anu zimene zikuvuta

Gonani kumeneko masiku angapo, osati kufika m'mawa n'kubwerera madzulo. Tsiku la alendo agogo amadzilimbitsa, amasesa, amaphika, amaseka. Pa tsiku lachitatu m'pamene mumaona zenizeni: kuti podzuka pampando amayamba agwira khoma, kuti usiku amadzuka kangapo kupita panja mumdima, kuti ndiwo za dzana n'zimene akudyabe, kuti mapilitsi a BP ali m'kapepala osakhudzidwa chifukwa sakuona zolembedwa.

Lembani zimene mwaona m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi zimene akuchita okha bwinobwino, ndipo zimenezo asiyireni. Lachiwiri ndi zimene angachite wina ali pambali, monga kusamba kapena kupita kutchalitchi. Lachitatu ndi zimene sangathenso. Pepala limeneli ndi limene lidzakuuzeni ngati mukufunika munthu wobwera m'mawa n'kuweruka madzulo, kapena wogonera pomwepo.

Musanalembe munthu, apititseni kuchipatala ndi buku lawo akawayeze BP, shuga, maso ndi makutu. Zinthu zina zimene timati ndi ukalamba zili ndi mankhwala. Ng'ala ya m'maso imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, ndipo zipatala monga cha Nkhoma komanso zipatala za maso za Lions zimene zili pa Kamuzu Central ndi pa Queen Elizabeth zimagwira ntchito imeneyi. Gogo amene ankatsogoleredwa ndi ndodo akhoza kuyambanso kusankha yekha nyemba palichero.

3. Khalani pansi monga banja

Apa m'pamene mabanja ambiri amagwa. Aliyense amavomera pa gulu la WhatsApp, mwezi woyamba ndalama zimabwera, wachitatu mwana mmodzi yekha ndi amene watsala akusenza zonse. Gwirizanani momveka: malipiro a wothandiza, chakudya cha anthu awiri, sopo, thiransipoti ya kuchipatala, ndi kandalama kosungira zadzidzidzi. Aliyense anene zimene angathe, ndipo amene alibe ndalama apereke nthawi, monga kukakhala ndi agogo tsiku limene wothandiza akupuma.

Sankhani munthu mmodzi yekha wolankhula ndi wothandizayo. Akamalandira malamulo kuchokera kwa ana asanu, wina akuti aziwapatsa tiyi wa shuga, wina akuti ayi, adzatopa n'kuchoka. Malume kapena mwini mbumba adziwitsidwe, ndi amfumu omwe, kuti mudzi usadabwe ndi mlendo amene wayamba kutuluka m'nyumba ya agogo m'mawa.

Ngati banja lonse ndi losaukitsitsa, kafunseni ku ofesi ya Social Welfare ya m'boma lanu za Mtukula Pakhomo. Ndondomekoyi inayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo cholinga chake ndi mabanja ovutikitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwirira ntchito.

4. Kusankha munthu

Funsani kumene anthu amadziwana khalidwe: amayi a Mvano, a Dorika, atsogoleri a mphakati, kumzikiti, kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo. M'midzi yambiri muli amayi ndi abambo amene anaphunzira kusamalira odwala m'makomo pa zaka zija Edzi inavuta kwambiri. Anthu otere amadziwa kale kusambitsa munthu pamphasa ndi kumutembenuza, ndipo sachita nyansi.

Musalembe mwana. Ndikunena izi motsindika chifukwa chizolowezi chotenga kamtsikana kwa achibale osauka kuti "kazithandiza agogo" chidakalipo. Mtsikana wa zaka 13 sangadzutse munthu wamkulu amene wagwa, sangazindikire zizindikiro za sitiroko, ndipo mukumulanda sukulu. Pezani munthu wamkulu, wokhwima maganizo. Nthawi zambiri mayi wa zaka za m'ma 40 kapena 50 amagwirizana bwino ndi agogo kuposa wachinyamata, chifukwa amadziwa nyimbo zawo, anthu amene akuwatchula ndi ndiwo zimene amakonda. Ngati pali zosambitsa, agogo aakazi apezereni mkazi, agogo aamuna mwamuna. Azilankhula chilankhulo chawo. Munthu akamakalamba, makamaka akayamba kuiwala, amabwerera ku Chiyao, Chilomwe, Chisena kapena Chitumbuka chimene anayamwira, ngakhale anakhala zaka zambiri akulankhula Chichewa.

Pokambirana naye, agogo akhalepo. Inu muziyang'ana zing'onozing'ono. Kodi polowa wapereka moni kwa ndani poyamba? Wagwada kapena wakhala pansi polankhula nawo, kapena waima pamwamba pawo? Agogo akabwereza funso limene afunsa kale, nkhope yake ikusintha? Mufunseni kuti, "Agogo akakana kusamba mungatani?" Woyankha kuti "Ndiwakakamiza" si wanu. Woyankha kuti "Ndidikira dzuwa litenthe, nditenthetse madzi, ndiwafunsenso" wayandikira.

Onani chiphaso chake cha unzika, mujambule pafoni, mudziwe kwawo ndi mfumu yake. Lankhulani ndi anthu awiri amene anamugwiritsapo ntchito kapena amene akumudziwa bwino. Kenako gwirizanani mwezi umodzi woyeserera, wolipidwa mokwanira.

Mwina wosamalirayo ndi wachibale, mwana wa achemwali kapena mlamu wamasiye. Palibe cholakwika, koma mulipireni monga mukanalipirira mlendo. Ubale wosalipidwa umasanduka chidani, ndipo chidanicho chimagwera agogo.

5. Lembani mgwirizano

Pepala limodzi la m'kope ndi lokwanira, lolembedwa m'Chichewa, aliyense asunge lake. Mulembemo ntchito zimene azigwira ndi zimene si zake, nthawi yoyamba ndi yoweruka, malipiro ndi tsiku lolandira, tsiku lopuma, kumene azigona, ndi nthawi yodziwitsana ngati mbali ina ikufuna kusiya. Nenani poyera ngati kulima kuli m'gulu la ntchito zake. Ambiri amalembedwa kuti azisamalira agogo, dzinja likafika amapezeka ali m'munda kuyambira m'mamawa, agogo ali okha pakhomo.

Wantchito wa pakhomo ndi wantchito pamaso pa lamulo. Lamulo la zantchito la 2000 limati munthu asagwire masiku opitirira 6 otsatizana osapuma tsiku lathunthu, ndipo wogwira masiku 6 pa sabata ali ndi tchuthi cholipidwa cha masiku osachepera 18 pa chaka. Boma limalengezanso malipiro otsikitsitsa a antchito a pakhomo, ndipo amasintha, choncho kafunseni ku ofesi ya Labour ya m'boma lanu. Langizo langa ndi lakuti mupitirire pamenepo ngati mungathe. Munthu amene mukumusiyira mayi anu asamagone akuganiza za ngongole.

6. Konzani nyumba asanayambe

Kugwa ndi kumene kumagoneka anthu okalamba ambiri. Fupa la m'chiuno likathyoka, ena sadzukanso. Yendani njira imene agogo amayenda kuchokera pogona mpaka kuchimbudzi, muchotse chilichonse chopunthwitsa: mphasa yopindika m'mphepete, miyala, mizu, zingwe. Kubafa ikani mpando wolimba woti azisambira atakhala, ndi mtengo wokhomeredwa bwino woti azigwira. Chimbudzi chokumba n'chovuta kwa munthu wa maondo opweteka. Kalipentala aliyense angakukhomereni mpando wobowola pakati woika pamwamba pa dzenje. Usiku pakhale ndowa yovindikira pafupi ndi bedi, ndi tochi kapena nyali ya sola pamalo amodzi osasintha.

Bedi likhale lotalika moti akakhala mapazi azifika pansi. Neti ya udzudzu ikhale yosang'ambika. Patapata woterera m'malo mwake mugule nsapato zogwira chidendene. M'miyezi yozizira ya June ndi July, mbaula ya makala isagone m'chipinda chotseka, chifukwa mpweya wa makala umapha anthu ali m'tulo. Onjezani bulangete m'malo mwake.

Ngati pakufunika njinga ya olumala kapena ndodo zoyendera, funsani ku chipatala cha boma kapena ku malo ophunzitsira anthu kuyendanso a Kachere mu mzinda wa Blantyre.

7. Sabata yoyamba mukhalepo

Musamusiye wothandizayo pakhomo n'kukwera minibasi tsiku lomwelo. Muonetseni zinthu pochita, ndipo agogo ndi amene azifotokoza mmene amafunira: nsima yofewa bwanji, madzi osamba otentha bwanji, chitenje chiti cha kutchalitchi, mpando uti umene sakhalapo wina.

Za mankhwala, gulani kope. Tsamba loyamba mulembe dzina la mankhwala alionse, nthawi yomwera ndi kuchuluka kwake monga ananenera adokotala. Wothandiza azichonga agogo akamwa. Ngati sawerenga bwino, jambulani dzuwa ndi mwezi pa mapepala a mankhwalawo. Muuzeni momveka kuti mankhwala a BP ndi a shuga sasiyidwa chifukwa choti munthu akupeza bwino, komanso asamawagulire mapilitsi a pagolosale kapena kusakaniza ndi azitsamba osafunsa kuchipatala. Tsiku lobwerera kuchipatala lilembedwe pakhoma.

Chakudya chikhale chofewa koma chosasowa mphamvu: phala la mgaiwa lothira nsinjiro, Likuni Phala, mazira, usipa wosinja, nyemba zophika mpaka kufewa, chisoso, nkhwani wotendera, nthochi, mapapaya. Mchere uchepe kwa a BP. Anthu okalamba samva ludzu msanga, ndipo ena amadzimana madzi poopa ulendo wa kuchimbudzi usiku. Wothandiza aziwapatsa madzi pang'onopang'ono masana onse, n'kuchepetsa madzulo.

Tsopano pa nkhani ya kucheza, imene anthu ambiri saiwerengera ngati ntchito. Mungathe kupeza nyumba yosesedwa bwino, mbale zotsukidwa, agogo atasamba, koma tsiku lonse palibe amene walankhula nawo kupatula "Dzukani mudye." Wothandizayo ali kuseri kwa nyumba ndi foni yake. Kumeneko si kusamalira. Muuzeni kuyambira tsiku loyamba kuti kukhala pansi ndi agogo ndi gawo la ntchito imene mukumulipira. Azidya nawo limodzi, chifukwa munthu wodya yekha amadya pang'ono. Akamaphika aziwakhazika pafupi n'kuwapatsa chochita: kusadzula masamba, kutong'ola chimanga, kuswa mtedza, kulawa mchere. Aziwafunsa nzeru, "Agogo, thobwa ili lafika?" kapena "Mitambo iyi ndi ya mvula?" Funso lotere limamuuza munthu kuti akadali wofunika pakhomo pake. Agogo aamuna amene ankaluka mphasa kapena kusema mipini apatsidwe zipangizo zawo, ngakhale mpini umodzi utenge mwezi. Bawo ituluke. Wailesi ikhale ndi mabatire kuti azimva nkhani, mauthenga a maliro ndi mapemphero.

Azituluka nawonso. Kuyenda pang'ono tsiku lililonse, ngakhale kukafika kwa aneba n'kubwerera, kumasunga mphamvu za miyendo. Kutchalitchi, kumaliro, kuchinkhoswe, kumene angathe kufika apite. Kumene sangathe, pemphani a mpingo azibwera kudzawayendera. Ndipo anzawo akabwera kudzacheza, wothandiza aziwalandira ndi mpando ndi madzi, osati kuwabweza pakhomo ati agogo akupuma.

8. Zizindikiro zothamangira kuchipatala

Izi muzilembe ndi zilembo zazikulu pakhoma, pamodzi ndi manambala a foni a ana, a mlangizi wa zaumoyo ndi a munthu wa galimoto kapena njinga yamoto amene mwagwirizana naye kale. Kukamwa kukapotoka, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi ukafooka mwadzidzidzi, kapena mawu akayamba kusamveka, imeneyo ikhoza kukhala sitiroko, ndipo si yodikira kuti kuche. Chimodzimodzi kupweteka pachifuwa, kubanika, kugwa n'kulephera kuponda, kutentha thupi, kutsegula m'mimba kosaleka, kapena kusokonezeka mutu kumene kwangoyamba lero. Wodwala shuga akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kulankhula zosamveka, apatsidwe madzi a shuga ngati akutha kumeza, kenako apite naye kuchipatala. Wothandiza asadikire chilolezo cha mwana amene foni yake siikupezeka. Mupatseni mphamvu imeneyo pasadakhale, ndi ndalama ya ulendo yosungidwa padera.

Agogo akakhala ogonera, azitembenuzidwa pa maola awiri alionse, khungu likhale louma, ndipo tsiku lililonse aziyang'ana m'chiuno, kumatako ndi kuzidendene. Malo ofiira kapena akuda amene sakusintha ndi chiyambi cha chilonda. Kwa odwala matenda osachiritsika monga khansa, kuli chithandizo chochepetsa ululu, monga cha Tiyanjane pa Queen Elizabeth ndi Ndi Moyo ku Salima, komanso m'zipatala za m'maboma.

9. Agogo akayamba kuiwala

Pali matenda a ubongo amene amagwira ena mwa okalamba. Munthu amaiwala kuti wadya, amaitana mwana wake ndi dzina la mchemwali amene anamwalira kalekale, amabisa ndalama n'kunena kuti zabedwa, amatuluka usiku n'kupezeka pakhomo pa eni kapena kumanda, mwina osavala. Kwathu kuno zimenezi n'zoopsa kawiri, chifukwa anthu amathamangira kunena kuti ndi ufiti. Mu January 2016 ku Neno anthu anayi okalamba anaphedwa atawanamizira ufiti mphezi itapha mtsikana, ndipo nkhani zotere sizinathe. Bungwe la MANEPO, lomenyera ufulu wa anthu okalamba, lakhala likudandaula za nkhanza zimenezi chaka ndi chaka. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu okalamba.

Choncho musabise. Pitani kwa amfumu, kwa aneba ndi kumpingo, mufotokoze kuti agogo akudwala matenda oiwala, kuti akawaona akuyenda okha awabweze kunyumba mwaulemu. Wothandizayo mumufunse maganizo ake pa nkhaniyi musanamulembe, chifukwa amene amakhulupirira kuti agogo akutamba adzakhala woyamba kufalitsa mbiriyo pamjigo. Muphunzitseni kusatsutsana nawo. Akati akufuna kupita kwa amayi awo, asawauze kuti amayiwo anafa, chifukwa adzalira ngati amva lero. Awafunse kuti, "Amayi anu ankaphika chiyani chokoma?" n'kuyenda nawo pang'ono mpaka mtima utsike. Pachitseko mangani kabelu kapena chitini cha timiyala kuti chizilira chikatsegulidwa usiku. Kuwamanga kapena kuwatsekera m'chipinda ndi nkhanza. Wina akawaopseza, kanenani ku Victim Support Unit ya polisi tsiku lomwelo.

10. Kuyang'anira muli kutali

Malipiro tumizani pa tsiku limene munagwirizana, mwachindunji pa Airtel Money kapena Mpamba ya wothandizayo, osadzera kwa wachibale. Ndalama ya chakudya ikhale yapadera ndipo zogula zizilembedwa m'kope lija. Ndalama za agogo eni, kaya ndi penshoni, kaya mwawatumizira pa Mukuru, zikhale m'manja mwawo malinga ngati mutu ukugwira. Nambala yachinsinsi ya foni kapena ya kubanki isaperekedwe kwa wothandiza. Zimenezi zimatetezanso iyeyo, kuti tsiku lina asadzanamiziridwe.

Imbani kawirikawiri ndipo muzilankhula ndi agogo eni, osati kungolandira lipoti. Nthawi zina fikani osanena. Yang'anani zikhadabo, fungo la zofunda, ngati chitenje chayamba kukula m'chiuno, ndiponso ngati agogo amangoti zii wothandiza akalowa. Pezani mpata wokhala nawo awiri. Akadandaula musafulumire kunena kuti ndi ukalamba, komanso musafulumire kuchotsa munthu ntchito. Funsani mbali zonse, mufunsenso mneba amene mumamukhulupirira. Mukapeza mabala osadziwika chiyambi chake kapena umboni wa kumenya, munthuyo achoke tsiku lomwelo.

Wothandizayonso muzimufunsa kuti, "Nanga inu muli bwanji, chikukuvutani n'chiyani?" Kudzuka katatu usiku uliwonse kumatopetsa aliyense, ndipo munthu wotopa amayamba kukalipa. Tsiku lake lopuma lisamadyedwe, kwawo kukagwa maliro apite, ndipo mukhale ndi munthu wachiwiri wodziwika kale kwa agogo amene angagwirizire. Pakatha miyezi itatu iliyonse tengani pepala la magulu atatu lija muliwerengenso limodzi ndi agogo ndi wothandizayo. Zimene zasamuka kuchoka m'gulu loyamba kupita m'lachitatu zidzakuuzani ngati nthawi yakwana yowonjezera munthu wa usiku, ndipo ntchito ikakula malipiro akwerenso.